Mpweya wa Akamwini

Ine mbuzi sindigula ndisanaiyang'ane m'kamwa. Pa msika wa Mitundu aliyense akudziwa zimenezi. Ndimaiyasamitsa, ndimaigwira pamsana, ndimainyamula kuti ndimve kulemera kwake, kenako m'pamene timayamba kukambirana. Ndiye alongo anga a Greyson atabwera kudzandiuza kuti akamwini atumiza mawu opempha chitengwa, sindinachedwe.

"Akufuna apite naye kuti mwana wangayo?"

"Akuti kunyanja yamchere, ku Kenya komweko. Tauni yake ndi Watamu."

"Kukatani?"

"Kukagwira ntchito pansi pa madzi."

"Pansi pa madzi pali ntchito yanji?"

A Greyson anakanda m'mutu. Eni mbumba ndi iwowo, koma nkhani ikalimba amaitula kwa ine. "Mlongo, pitani mukaone nokha. Ine ndege imandichititsa chizungulire ngakhale ikungodutsa m'mwamba."

Ndaziona ndi mwana wanga yekhayo wamkazi. Anapita ku Nairobi kukaphunzira, atamaliza anapeza ntchito ku bungwe lina ku Kibera, n'kupezanso mwamuna wa kwathu konkuno, a Reinford a ku Nkhotakota. Ukwati tinamanga bwinobwino, koma tinapangana kuti za ku Nairobi n'zongodutsa, adzabwera kudzamanga pakhomo pathu monga mwa mwambo. Malo ndinawasungira kale, kuseri kwa khola. Tsopano akuti chitengwa, amutenge akakhale naye kutali mpaka kalekale. Ndinakwera ndege ndi mtima umodzi, kukamutenga mwana wanga.

Nyumba yawo ndi ya pamwamba pa nyumba zina, kufupi ndi msewu wa Ngong. Chipinda chimodzi, pabalaza, ndi kakhonde koyanikapo zovala. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sapenyana kumaso, sagwirana chanza, sadyera mbale imodzi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Koma m'nyumba imeneyo mulibe tchire, ndiye a Reinford anasandutsa kakhonde kaja kukhala tchire lawo. Ndikangotuluka kuchipinda, iwo ali kale pakati pa masokosi onyowa. Moni ankandipatsa atanyonyomala, akuyang'ana chitseko cha firiji.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka. Ndaziona, uwafunse akamwini ngati firijiyo yawayankha."

Ulemu ndi wabwino, koma wawowo unapyola muyeso. Munthu wamtali ngati mlongoti, mapewa ngati ng'ombe yapangolo, koma ine ndikatsokomola iwo amagwetsa supuni. Ndinati mumtima, ameneyu ndiye akamusunge mwana wanga pansi pa nyanja?

Panalinso china. Tsiku lofika lomwelo ndinaona kuti Ndaziona sali yekha. Sananene, inenso sindinafunse, zimenezo sitifunsana. Koma ankathawa fungo la anyezi, ankawodzera masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo munthu wogula mbuzi zimenezi sachita kuuzidwa.

Tsiku lina anandikhazika pansi kuti andionetse Watamu pafoni. Poyamba ndinaona anthu ataimirira pa matabwa, mafunde akuwakankhira kumtunda. Akafika kumtundako, amabwereranso kumene achokera.

"Aiwala chiyani?"

"Ndi masewera, amayi."

"Thabwa labwinobwino ngati limenelo, chitseko chathunthu."

Kenako anandionetsa nyanja itachoka. Eya, itachoka. Akuti kumeneko madzi amasamuka n'kupita kutali, kusiya tizithaphwi pamiyala, m'menemo muli tinsomba, nkhanu, ndi chinthu china chamiyendo yambirimbiri chimene amati pweza. Dzuwa likapendeka, madzi aja abwerera.

"Madzi ochoka n'kubwera ngati mwamuna wamitala, iwe n'kuwakhulupirira? Nanga nsomba zotsalazo amatola ndani?"

"Palibe. N'zoletsedwa. Anthu amangopita kukaziona."

"Kukaziona."

"Ee."

"N'kubwerera kunyumba kukadya nyemba."

Chomaliza ndinaona akamwini ali pansi pa madzi, botolo lachitsulo kumsana, paipi m'kamwa, akutsogolera anthu pakati pa nsomba. Ntchito yawo ndi imeneyo, kuphunzitsa anthu kupuma pansi pa madzi. Ku Nairobi kulibe nyanja, ndiye amaphunzitsira m'dziwe losambiramo ku Karen, koma tsopano kampani ikufuna akakhazikike kunyanja kwenikweniko. Ndaziona nayenso anaphunzira, ndipo bungwe lina lamulonjeza ntchito yobzala miyala yamoyo pansi pa nyanjayo. Kubzala miyala. Mwana amene sukulu yake inanditsirizira khola.

"Mpweya ukatha m'botolomo?" ndinafunsa.

Yankho linachokera pakhonde. "Ndaziona, uwauze amayi kuti munthu salowa yekha. Timalowa awiriawiri. Wina mpweya ukamuthera, mnzake amamugawira wake."

"Uwauze akamwini kuti ndamva kale, khomali ndi lopyapyala. Uwauzenso kuti za pafoni sindigula. Ndikalowa ndekha ndikaone."

Pakhonde panagwa chinthu. Ndikuganiza kuti inali ndowa.

Maganizo anga anali awa. Ndikalowa, ndikalavula paipi ija dala, pamalo osaya. Munthu woopa kundiyang'ana sangandigwire. Akathamangira kukaitana anthu, kapena akangonyonyomala pansi pa madzi pomwepo. Ine ndikaimirira, mutu n'kutuluka, n'kunena kuti mwaona nokha, Ndaziona longedza. Pamsika timatero. Ukapeza chilema, nkhani yatha.

Loweruka tinakwera minibasi imene kumeneko amati matatu, akamwini kutsogolo, ife kumbuyo kwenikweni. Karen ndi malo a mipanda italiitali. Malo oti ungalime chimanga chodyetsa mudzi wonse angodzalapo kapinga, ndipo kapingayo amamuthirira.

Mwini kampaniyo ndi mayi wa ku Kenya, dzina lake Lorna, wamfupi ngati ine, wosaseka pachabe. Ndinamukonda pang'ono. Ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, Ndaziona n'kumamasulira. Anafunsa ngati ndili ndi matenda a mtima, mphumu kapena kuthamanga magazi. Ndinati ndili ndi mawondo basi. Kenako ananena kuti woyamba kumene amalowa ndi mphunzitsi. Akamwini anayamba kumudandaulira Lorna chapansipansi kuti wolowa nane akhale iyeyo.

"Uwauze kuti wopempha chitengwa si Lorna," ndinatero. "Ndilowa ndi iwowo. Nanga iwe sulowa nawo?"

"Ndili ndi chimfine, amayi."

"Chimfine."

"Ee."

"Chabwino. Chimfine chimenecho uchisamale."

Anayang'ana zala za kumapazi.

Anandilowetsa m'kachipinda n'kundipatsa chovala chakuda cha labala, chothina ngati chubu cha njinga. Ndaziona akukoka uku, Lorna akukankha uko, mpaka ndinalowamo ndense. Nditadziona pagalasi ndinati ayi. Chilichonse chimene Mulungu anandipatsa chinali poyera, chosintha chinali mtundu wokha. Ndinatenga chitenje changa chatsopano, chamaluwa ofiira, n'kumanga pamwamba pake.

"Hapana, Mama," anatero Lorna akupukusa mutu.

"Akuti nsalu m'madzi ndi yoopsa," anatero Ndaziona.

"Umuuze kuti popanda nsalu sindituluka muno."

"Akuti muvale mpaka m'mphepete mwa dziwe."

"Mpaka pansi."

"Akuti mpaka pamakwerero."

"Mpaka madzi afike m'khosi."

Lorna anandiyang'ana nthawi yaitali. "Sawa," anatero. Madzi akafika m'khosi ndivule, ndipereke kumtunda. Tinagwirana chanza.

Maphunziro anachitikira m'mbali mwa dziwe. Ine pampando, Ndaziona pakati, akamwini atandifulatira, akuphunzitsa mtengo umene unali pafupi ndi mpanda.

"Uwauze amayi kuti paipiyo ailume pang'ono, azipuma ndi kukamwa, ndipo asagwire mpweya m'chifuwa. Uwauzenso alavulire malovu m'galasi la kumasolo, apake ndi chala, kuti lisachite nkhungu."

"Ndilavule pamaso pa akamwini?"

"Maso awo ali kumtengo, amayi."

Ndinalavula. Anandionetsa zizindikiro za manja, chakuti ndili bwino, chakuti tikwere, chakuti mpweya watha, zonse akuonetsa mtengo uja. Kenako anatsokomola.

"Uwauze amayi kuti lamulo lake, pansi pa madzi timayang'anana m'maso."

"Uwafunse ngati lamulolo linakula kuposa la kwathu."

Anaganiza. "Ndiye ndiziyang'ana thovu la amayi. Thovu likamatuluka, ndidziwa kuti akupuma."

Ndinasangalala mumtima. Chilema chija chinali chitayamba kale kuoneka.

Anandimangirira botolo kumsana, lamba wa zitsulo zolemera m'chiuno, zipsepse kumapazi. Ndinayenda ngati bakha wonyamula mtondo. Nditayamba kutsika pamakwerero, foni ya Lorna inalira, anapita ku ofesi. Ndaziona fungo la mankhwala a m'dziwe linamuchititsa nseru, anathamangira kuseri atagwira pakamwa. Madzi atafika m'khosi panalibe wolandira nsalu. Panatsala akamwini okha, ndipo tandiuzani, ndi mkamwini uti padziko pano angauze apongozi ake kuti vulani chitenje? Ndinawamva akukoka mpweya kuti alankhule. Anaubweza.

Tinagwada pansi pamalo osaya, madzi n'kutseka pamutu. Mpweya woyamba unalira ngati mvukuto. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinadabwa kuti ndikadali moyo.

Ndinene zoona pano. Mawondo anga, amene andisautsa kuyambira chaka cha njala chija, anangoti zii. Thupi lonseli linalibe kulemera. Kunalibe kondakitala, kunalibe wondifunsa mtengo, kunalibe wonditchula dzina. Akamwini anagwira kalamba ka botolo langa ndi zala ziwiri, ngati munthu wotaya khoswe wakufa, nkhope atalozetsa kumbali, ndipo tinayamba kuyenda chogona pang'onopang'ono. Ndinkaona matailosi akudutsa, kuwala kukuvina pansi, ndi kandolo kamene wina anataya. Ndinakatola. Ndinaiwaliratu chimene ndinabwerera.

Nditakumbukira ndinadzikwiyira. Ndinalavula paipi nthawi yomweyo, n'kuponda pansi kuti ndiimirire.

Kuimirira ndinaimirira, koma mutu sunatuluke. Dziwe limenelo pansi pake m'potsetsereka, ndipo tinali titafika kozama. Kumwamba kunali kutali ngati denga la tchalitchi. Ndinadumpha. Lamba wa zitsulo uja anandibweza, ndipo pobwerera pansipo chitenje chinakwera n'kundiphimba kumutu. Maluwa ofiira ponseponse. Ndinafufuza paipi, ndinagwira nsalu. Ndinafufuzanso, nsalu yomweyo. Madzi analowa m'kamwa. Chimene ndinaganiza si Mulungu ayi, ndinaganiza za a Greyson akufotokozera mudzi kuti mlongo wawo anafera m'bafa la anthu olemera.

Dzanja lina linang'amba nsalu ija pakati. Lina linandigwira malamba a pachifuwa, osati ndi zala ziwiri, koma mmene ine ndimagwirira tonde wovuta. Anandikokera pafupi mpaka magalasi athu anagundana. Anachotsa paipi m'kamwa mwawo, n'kuikankhira m'kamwa mwanga, n'kudina kabatani kake. Mpweya unathamangitsa madzi. Ndinatsokomola, ndinapuma. Iwo anatenga paipi ina yapadera ya m'mbali mwawo n'kuluma.

Apo m'pamene ndinaona maso a akamwini anga koyamba. Ndi aakulu, ndipo anali okwiya. Ndinafuna kuthawira kumwamba, anandikaniza. Anandiloza chala pamphuno ngati mwana wakuba shuga, kenako anandionetsa ndi dzanja kuti pumani, pang'onopang'ono, pumaninso. Ndinamvera. Ineyo. Tinakwera limodzi atandigwirabe, maso awo osachoka pa anga mpaka mitu inatuluka.

Kumtunda Lorna ndi Ndaziona anali atafika. Akamwini anandikokera posaya, n'kuchotsa galasi kumaso kwawo.

"Amayi, munalavula dala."

Sanadzere kwa Ndaziona. Sanadzere kumtengo.

"Mwadziwa bwanji? Si munati muziyang'ana thovu?"

"Ndinanama. Ndimakuyang'anani cham'mbali kuyambira pamakwerero. Munthu amene ndalowa naye sindimuchotsa diso, kaya ndi ndani. Ndipo cha nsaluyo ndalakwa ndine, ndikanalankhula. Musadzachitenso zimenezi."

Atatha kunena m'pamene anazindikira amene akulankhula naye. Anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana makwerero. Lorna anavuula theka la chitenje ndi mtengo wosesera m'dziwe, n'kundilankhula mawu ambirimbiri. Ndinamuuza Ndaziona kuti amasulire.

"Amenewa ayi, amayi."

Anandikhazika pampando atandifunditsa thaulo, tiyi wamkaka m'manja. Mtima wanga unali utagula kale. Koma pamsika mbuzi ikakusangalatsa suonetsa mano.

"Ndaziona, uwauze akamwini kuti pali mlandu. Andigwira pachifuwa. Andiyang'ana m'maso. Andiloza chala. Andidyetsa cha m'kamwa mwawo. Anding'ambira chitenje. Kwathu zimenezi ndi khola lathunthu."

"Amayi, akupulumutsani."

"Wakufunsa ndani? Uwauze kuti ndikhoza kuiwala zonsezi, chitengwa n'kuvomera. Koma chimfine chakocho sulowa nacho m'madzi, ndipo nthawi yake ikakwana ukadzachirira kwathu ku Mitundu."

Ndaziona anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Akamwini anali atanyonyomala chapatali, madzi akudontha. Anayankha akuyang'ana pansi, koma anayankha ine.

"Za m'madzi tinapangana kale, amayi, salowa. Za ku Mitundu, ayi."

Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akuuza wina.

"Ulendowo ndi wautali kwa munthu wachimfine," anapitiriza. "Chipatala chili pafupi ndi kumene tikakhale. Mubwere ndinu."

"Nanga mbuzi zanga?"

"A malume a Greyson alipo."

"Amenewo angagulitse tonde pamtengo wa nkhuku."

"Muwauze asagulitse. Azingodyetsa."

"Angathe zimenezo. Koma chimfinecho chikadzayamba kukwawa, chibwere chidzaone kwawo."

"Chaka chilichonse, nthawi yokolola."

"Ndipo kuseri kwa khola mumange, kaya muzikhalamo kaya ayi. Zipinda ziwiri."

"Chimodzi kaye."

"Ziwiri."

"Chimodzi, cha njerwa zootcha ndi malata."

"Ndi chitenje china."

"Chitenje munang'ambitsa nokha, amayi."

Ndinamwa tiyi kuti asaone pakamwa panga. Munthu ameneyu ndikanamupeza kale, bwenzi pano tili ndi lole.

"Chitenje," ndinatero, "kapena tiyambirenso pa mlandu wa chala chija."

"Chitenje ndigula."

Lorna anafunsa chimene chikuchitika, Ndaziona n'kumuyankha akupukuta maso. Ndinamufunsa kuti wamuuza chiyani.

"Ndamuuza kuti mukugulitsana mbuzi."

"Ndiye umuuze kuti yagulika. Mbuziyo isaiwale kuimba foni Lamlungu lililonse."

Pochoka ndinamupatsa Lorna kandolo kaja. Kanali kakadali m'dzanja langa, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti sindinakataye bwanji. Anakayang'ana, anandiyang'ana, n'kuseka koyamba. Kenako anauza Ndaziona kuti ndisadzabwerenso.

Pasiteji ndinagula chimanga chootcha, chopaka ndimu ndi tsabola monga amachitira kumeneko. Matatu itabwera munali malo kutsogolo amodzi, ndi ena awiri oyandikana pakati. Ndaziona anakwera kutsogolo chifukwa cha nseru. Ine ndinakhala pakati. Akamwini anaima pakhomo, phazi limodzi mkati, lina kunja, kondakitala akumenya chitsulo kuti tizipita.

"Akamwini, khalani apa. Mukuchedwetsa anthu."

Anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, theka la thupi lili m'malere, nkhope ku chitseko. Ndinathyola chimanga chija pakati n'kuwapatsa. Analandira ndi manja awiri, koma anangochigwira ngati kandulo ya ubatizo.

"Idyani. Malovu anu ndameza kale."

Analuma. Tinayenda mpaka mipanda italiitali ija inatha, phokoso la msewu wa Ngong n'kuyamba. Mawondo anga anali atabwerera mwakale.

"Kunyanjako," ndinatero, "n'chimodzimodzi ndi m'dziwe muja? Thupi limapepuka?"

"Kuposa pamenepo, amayi. Madzi amchere amanyamula."

"Ndangofunsa. Nanga nsomba za m'tizithaphwi zija, amene amaletsa kutolayo amaweruka nthawi yanji?"

"Saweruka, amayi."

"Tikaona," ndinatero, n'kuwauza asunthire kuno asanagwere panja.